Tsekani kaye pepalalo, achemwali

Achemwali amene mwafunsa za chifupikitso, pepani ndayankha mochedwa, ndinali kumaliro kwa Jali ndipo netiweki inkachita kubwera ngati mlendo. Mwati kukoleji akupatsani nkhani ya masamba 9 yonena za kuphwa kwa nyanja ya Chilwa, akufuna muifupikitse m'mawu osapitirira 250 pofika Lachisanu, ndipo mwafunsanso za APA, njira ija yotchulira mabuku ndi olemba amene mwagwiritsa ntchito, ndi za app imene ingakuthandizeni. Za APA akuyankheni ena m'gulu muno, alipo ambiri ozitsata. Ine ndiyankha za kufupikitsako, poti ndakhala ndikuchonga zifupikitso za ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 kwa zaka zambiri, za Chichewa ndi za Chingerezi zomwe, mpaka inki yofiira siichokanso ku zala.

Choyamba, musapereke ntchitoyi kwa munthu woti akulembereni. Ndaona wina pamwambapa wanena kuti "bwerani ku inbox, mtengo timvana". Achemwali, musapiteko. Ndikukuuzani ngati munthu amene anapsa kale.

Chaka chimene ndinabwerera kusukulu kukaonjezera maphunziro ndinali kale bambo wa ana atatu, masana kuphunzitsa, usiku kuwerenga. Anatipatsa asayimenti yonga yanuyi. Panali mnyamata wina pa kashopu kochitira fotokope pafupi ndi geti, wochenjera pakamwa, amene anandiuza kuti, "Aphunzitsi musavutike, siyani pepalalo, mawa m'mawa mudzaipeza yotentha." Ndinamupatsa cha m'ma K3,000, nthawi imeneyo inali ndalama yoti mkazi wanga akanafunsa kumene yapita. M'mawa ndinaipezadi, yotayipidwa bwino, yoyera, Chingerezi chake chonona. Sindinaiwerenge n'komwe, ndinangolemba dzina langa pamwamba n'kukapereka. Patapita sabata alekichara anatiitana anthu atatu kuofesi kwawo. Anayala mapepala atatu patebulo, limodzi pambali pa linzake, osalankhula kanthu. Mapepala onse atatu anali amodzi, mpaka liwu limene linalakwika sipelo linali lomwelo. Mnyamata uja anagulitsa mbuzi imodzi kwa anthu atatu. Koma chimene chinandipweteka kwambiri si chimenecho. Alekichara aja anatenga pepala langa, naloza chiganizo chachiwiri chimene anachizunguliza ndi inki, chinkayamba ndi "However". Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Komabe chiyani, aphunzitsi? Mukutsutsa ziti, poti simunanene kanthu?" Mnyamatayo anangotola chiganizo choyamba cha ndime iliyonse n'kuzilumikiza, osawerenga nkhaniyo. Ndinapata ziro, ndipo ine amene ndimakalipira ana za kubera ndinatuluka muofesi muja miyendo ili zii. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake ndikaona malangizo aja akuti "tengani chiganizo choyamba cha ndime iliyonse" mutu umandiwawa. Achimwene amene mwaika mndandanda wautali wa Chingerezi uja, zikomo, koma mfundo yanu yachitatu ndi yomweyo imene inandigwetsa. Olemba ambiri sayamba ndime ndi mfundo yawo. Ena amayamba ndi kankhani, ena ndi funso, ena amayamba ndi maganizo a munthu amene akufuna kumutsutsa. Mukatola zimenezo mumupatsa wolembayo mawu a mdani wake.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi imodzi yokha, ndipo ilibe mtengo. Chifupikitso chimalembedwa pepala lili chitsekere.

Werengani nkhani yonse kamodzi popanda cholembera m'manja, ngati mukuwerenga nyuzipepala mu minibasi. Kachiwiri tengani pensulo, ndipo pambali pa ndime iliyonse lembani mawu atatu kapena anayi okha onena chimene ndimeyo ikuchita. Lembani m'Chichewa ngakhale nkhaniyo ili m'Chingerezi, dala. Munthu sungakopere liwu ndi liwu chiganizo cha mwini wake pamene wachitembenuzira m'chilankhulo china, ndipo pamene Chichewa chakukanikani mudziwe kuti ndimeyo simunaimve, mwangoidutsa. Mukatha apo tembenuzani pepalalo chafufumimba, muliike pansi pa pilo ngati n'kotheka, mupeze munthu. Mnzanu wa m'chipinda, mayi ogulitsa mandasi, aliyense. Muuzeni zimene nkhaniyo ikunena musanathe mphindi ziwiri. Akakufunsani kuti "ndiye kuti chiyani?" inu n'kuyamba kufuna pepala, bwererani mukawerengenso. Akagwedeza mutu, khalani pansi mulembe zomwe mwanenazo. Pepala mulitsegule pomaliza, poona ngati zaka ndi mayina mwalemba molondola.

Zithunzi za nkhaniyo mwaika muno ndaziwerenga, ngakhale tsamba 6 mwalijambula mumdima. Taonani mmene wolembayo wachitira. Masamba awiri oyamba ndi a asodzi a pa Kachulu, mabwato atagona pamatope ong'ambika, anthu akupita ku chilumba cha Chisi osakwera bwato. Ndi pokoma pamenepo, ndipo ana anga ambiri akanathera mawu 150 pomwepo. Koma imeneyo ndi nyambo yoti muwerenge, si mfundo. Mfundo yake yabisala pa tsamba 4, pamene akunena kuti kuphwa kwa Chilwa si kwachilendo: nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana madzi amauma ndi dzuwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma. Kenako akuwonjezera zake, zoti kudula mitengo kumapiri ndi kulima m'mbali mwa mitsinje kukukokolera dothi m'nyanjamo, motero mwina izivutika kubwerera mwakale. Masamba otsalawo ndi a zotsatira zake pa anthu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe amene amadalira matemba, makumba ndi milamba, ndi zimene iye akuona kuti zichitike.

Ndiye mukanandiuza pakamwa zikanamveka chonchi: wolembayu akuti nyanja ya Chilwa yakhala ikuphwa n'kubwerera kuyambira kale chifukwa cha mmene inapangidwira, koma akuopa kuti zochita za anthu kumtunda zikukulitsa vutoli, ndipo amene akuvutika kwambiri ndi mabanja odalira usodzi m'maboma atatu ozungulira nyanjayi. Mwaona? Mawu osafika 50, nkhani yonse yaima. Mawu 200 otsalawo ndi oti muikemo umboni umene wolembayo watsamira, motsata ndondomeko yake, basi. Zili ngati kukonola chimanga. Gaga ndi wambiri ndipo ali ndi ntchito yake, koma amene wakutumani akufuna mphale.

Tsopano zimene zimadyetsa anthu malikisi, poti n'zimene ndimakumana nazo chaka ndi chaka.

Kuthiramo maganizo anu. Ichi ndiye chimapha ophunzira anzeru, makamaka ngati nkhaniyo mukuidziwa. Ngati kwanu ndi kwa Mposa kapena kwa Mwambo mudzafuna kulemba za zimbowera, tinyumba toyandama tija timene asodzi amagonamo pamadzi, ndi kolera amene amavuta kumeneko. N'zoona zimenezo, koma m'nkhani yanuyi mulibe, choncho m'chifupikitso zisalowe. Ngakhale chiganizo chomaliza chija chokoma chakuti "boma lichitepo kanthu", ngati wolembayo sananene, chichotseni. Akafuna maganizo anu adzakupatsani asayimenti ina.

Kumeza mawu akuti "mwina". Taonani kuti pamwambapa ndalemba kuti "akuopa" ndi "mwina". Wolembayo sananene kuti kudula mitengo ndi kumene kunaphwetsa nyanja, wanena kuti kukhoza kukulitsa vuto limene linalipo kale. Pofuna kusunga mawu, ophunzira amadula timawu tating'ono timeneti poyamba, n'kusandutsa chikayiko kukhala chigamulo. Wochonga amene nkhaniyo amaidziwa amaona msanga. Dulani zitsanzo, dulani mayina a anthu amene anafunsidwa, dulani manambala amene sakunyamula mfundo, koma "mwina" musiyeni pamalo pake.

Kuiwala mwini nkhani. Chiganizo choyamba chitchule wolemba, mutu wa nkhani ndi chaka, ndipo apo ndi apo muzikumbutsa kuti "iye akuti", "akufotokoza kuti", "akutsutsa zoti". Apa m'pamene chifupikitso cha kukoleji chimasiyana ndi chija tinazolowera pokonzekera mayeso a MANEB, pamene umangolowa m'nkhani n'kuyamba kudula. Komanso musalembe m'timizere ta mfundo ngati note-making ya ku Fomu 4. Lembani ndime imodzi kapena ziwiri zoyenda bwino, pokhapokha ngati alekichara anena okha kuti akufuna timizere. Ngati pepala la malangizo silikumveka, pitani mukawafunse. Safunsa anadya phula.

Za kuchuluka kwa mawu, akati 250 ndi 250. Kalembedwe koyamba kadzafika 400, musadandaule, onse zimatero. Siyani kagone usiku umodzi, m'mawa mudzaona nokha mawu ongodya malo. Ine ndimayamba ndi kuchotsa paliponse pamene ndanena chinthu kawiri, ndi ziganizo zoyamba ndi "ndi chinthu chofunika kudziwa kuti". Mukafika cha m'ma 240 imani. Osachitanso zolemba mawu 120 n'kumati mwafupikitsa kwambiri, pamenepo mwataya ndi mphale yomwe.

Amene mwayankha kuti "ingoponyani pa ChatGPT", ndakumvani, ndipo sindikunena kuti chinthucho n'chopanda ntchito. Koma ndinayesapo ndekha ndi nkhani ina imene ndinkaidziwa bwino, ndipo chinandilembera mwaulemu chiganizo chimene m'nkhanimo munalibe. Chinali chosalala moti ndikanakhala sindinawerenge nkhaniyo ndikanachikhulupirira. Chinandikumbutsa mnyamata wa pa fotokope uja, kusiyana kwake n'kwakuti ichi sichikupempha K3,000. Ndiponso m'kalasi mwanu anthu angati adzaponyamo nkhani yomweyo? Alekichara ena amadutsitsa ntchito pa Turnitin, makina ofufuza ntchito zobera, koma ngakhale opanda makinawo, munthu amene wachonga mapepala 80 a nkhani imodzi amadziwa fungo la mapepala obadwa kwa mayi mmodzi. Ena amangokuimitsani pakhonde n'kufunsa kuti, "Tandiuzeni, nkhani ija imati chiyani?" Ngati munayesera kale kwa mayi a mandasi, funso limenelo silingakuopseni.

Kamodzi kokha pamene ndingati tengani mawu a mwini wake ndi pamene wagwiritsa ntchito dzina la chinthu limene lilibe linzake, monga Ramsar, mgwirizano uja wa mayiko woteteza madambo umene Chilwa ili pa mndandanda wake. Zoterozo musavutike kuzisintha. Koma kutenga chiganizo chake n'kungosinthamo mawu awiri ndi a mu dikishonale ndi kuba ndithu, kwangovala jekete.

China chosakhudzana kwenikweni, koma chinandionetsa zakuda. Mukatayipa, dzitumizireni pa imelo kapena pa WhatsApp nthawi yomweyo, ndipo popita kokaprinta musandutse kaye kukhala PDF. Makompyuta a m'timashopu tija ali ndi mavairasi ngati nsabwe, flash yanu ikalowamo imatuluka mafayilo onse atasanduka zina. Komanso musasiye ntchito yanu pa kompyuta yawo, muwauze afufute inu mukuona, chifukwa mmenemo ndi mmene ntchito za anthu zimayendera. Kuprinta pamene ndinachita komaliza kunali cha m'ma K200 kapena K300 pa tsamba, fotokope kutsika pang'ono, koma mitengo masiku ano sigona pamodzi, tengani yapadera. Musadikire Lachisanu m'mawa. Tsiku lopereka ndi limene magetsi amakonda kuthima, ndipo mzere umafika panja.

Tsamba 6 lija mulijambulenso pa kuwala, ndikuona ngati pali ndime ya ulimi wa mpunga imene ikhoza kufuna chiganizo chake. Mukalemba ikani pano Lachitatu madzulo ndikuonereni, m'gulu momwe muno osati ku inbox, kuti ndi ena a m'kalasi mwanu amene akungowerenga mwakachetechete apindule. Isapitirire 9 koloko, ndimakhala nditagona.