Kusankha IL-6 ndi TNF-alpha pa kafukufuku wa malungo ku Mangochi

Wowerenga wina amene amagwira ntchito mu labotale kuno ku Mangochi wanditumizira imelo yofunsa za mapuloteni a IL-6 ndi TNF-alpha amene akufuna kugula pokonzekera kafukufuku wa malungo mwa ana. Akufuna kudziwa ngati asankhe otchipirapo opangidwa m'mabakiteriya a E. coli kapena opangidwa m'maselo a munthu olimidwa mu labotale otchedwa HEK293, komanso ngati angasungike bwino m'nyengo yathu yotenthayi.

Achimwene, mapuloteni amenewa ndi ma cytokine, uthenga umene maselo oteteza thupi amatumizirana matenda akalowa, ndipo ndi amene amabweretsa kutentha thupi ndi kutupa. M'magazi amakhalamo ochepa kwambiri moti amayezedwa m'ma picogram (muyeso waung'ono zedi wa kulemera) pa mililita, choncho ogulitsa amaika jini ya munthu m'mabakiteriya kapena m'maselo kuti iwo apange puloteniyo yambiri. Njirayi anaionetsa asayansi Stanley Cohen ndi Herbert Boyer mu 1973, ndipo jini ya IL-6 inapezedwa mu 1986 ndi gulu la Tadamitsu Kishimoto ku Osaka, ku Japan. Nkhani ya TNF ndi malungo si yachilendo kwathu kuno, chifukwa mu 1989 kafukufuku wa ana a ku Blantyre, amene madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anachita nawo, anaonetsa kuti ana odwala kwambiri anali ndi TNF yochuluka m'magazi.

Ngati cholinga chanu ndi kuyeza kuchuluka kwa ma cytokine m'magazi a ana pogwiritsa ntchito ELISA (njira ya mu labotale yoyezera puloteni ndi ma antibody, mapuloteni amene amagwira puloteni yofunikayo), musawononge ndalama, chifukwa bokosi la ELISA limabwera ndi puloteni yakeyake yoyerekezera, ndipo ndiyo imene opanga anaiyesa pamodzi ndi ma antibody a m'bokosimo.

Koma ngati mukufuna kuthira puloteniyo pa maselo amoyo kuti muone mmene ayankhire, apa m'pofunika kuchenjera. E. coli ali ndi poizoni wotchedwa endotoxin pa khungu lake, ndipo kachigawo kochepa chabe ka endotoxin kakatsalira m'kabotolo kamadzutsa ma monocyte, mtundu wina wa maselo oteteza thupi, kuti atulutse TNF ndi IL-6 zawozawo. Mungathe kulemba lipoti lokongola la zimene IL-6 yachita pomwe wachita zonsezo ndi bakiteriya amene anafa kalekale. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndawerenga chikalata chobwera ndi kabotoloko ndisanayang'ane mtengo: ambiri amalemba kuti endotoxin ndi yosafika 1 EU (muyeso wa endotoxin) pa microgram ya puloteni, ena yosafika 0.1, ndipo pa ntchito ya maselo sankhani yachiwiriyi. Ubwino wa HEK293 ndi wakuti, pokhala maselo a munthu, alibe endotoxin yawoyawo ndiponso amamata tishuga pa puloteni monga zimachitikira m'thupi, zimene E. coli sangathe. Komabe IL-6 ndi TNF-alpha zimagwira bwino ntchito popanda tishugato, choncho ya E. coli yoyeretsedwa bwino ndi yokwanira pa ntchito zambiri.

Pa zosunga, puloteniyi nthawi zambiri imabwera youma, ndipo ikakhala choncho imapirira ulendo wa pamsewu kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Musadabwe kabotolo kakaoneka kopanda kanthu, pakuti ma microgram 10 saoneka n'komwe. Kazungulitseni kaye mu centrifuge, makina ozunguza machubu mwaliwiro, musanatsegule kuti zomatirira pa chivindikiro zitsikire pansi, sungunulani monga pepala lake likunenera, ndipo onjezani BSA (puloteni yochokera m'magazi a ng'ombe) ya 0.1 peresenti kuti puloteni isamatirire pa pulasitiki. Ikasungunuka imakhala yosalimba, ndipo kuiumitsa m'firiza ndi kuisungunula mobwerezabwereza kumaifooketsa, choncho igaweni m'timachubu tokwana tsiku limodzi la ntchito n'kuika pa -20 kapena -80 digiri. Ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja, firiza yopanda jenereta kapena sola imayamba kusungunuka magetsi akazima maola angapo, choncho musanaitanitse katunduyu pezani kaye firiza yodalirika, ngakhale itakhala ya labotale ya anzanu.