N'chifukwa Chiyani Voti Sinathetse Umphawi Kwathu?

Funso: Akonzi, kwathu ku Malawi takhala tikusankha atsogoleri kuyambira mu 1994, nanga n'chifukwa chiyani achinyamata akubwerabe kuno ku Johannesburg kudzasaka maganyu? Ndine mayi wogulitsa masamba ku Yeoville.

Yankho: Mayi, voti imasintha boma, koma payokha siibweretsa ndalama zakunja. Dziko lathu likudalirabe fodya, pomwe mafuta, feteleza ndi mankhwala timaitanitsa kunja. N'chifukwa chake kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera mowawitsa. Chomwe chimatipweteka kwambiri n'chakuti andale ena amapezerapo mwayi pa njalayo, nagawa zitenje ndi tindalama nthawi ya kampeni, ndipo akapambana amayamba kubwezera amene anawathandiza, zipatala zili zopanda mankhwala. Komabe makhoti athu anaonetsa mphamvu mu 2020 pothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019.