Kodi foni ingathandize mwana wosaona kudziwa pamene ali?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 14 anasiya kuona chaka chatha. Ndodo yoyera wayizolowera, koma akangokhota kawiri amasokonezeka, sadziwanso kumene wachokera. Kodi pa foni pali chimene chingamuthandize? — Mayi wodandaula

YANKHO: Chilipo mayi. Ndodo imamuuza za pamene phazi likukaponda basi, pomwe iye akusowa chithunzi cha malo onsewo m'mutu, ndipo chimenechi chimaphunzirika.

Pa iPhone yesani VoiceVista, yomwe inachokera ku Soundscape, pulogalamu ya Microsoft imene inatsekedwa mu 2023. Mumaika chizindikiro m'pulogalamumo chosonyeza malo, tinene geti, kenako m'mahedifoni mumamveka kulira kochokera mbali imene kuli getilo. Mwana akatembenukira kumanja, kulirako kumasamukira kukhutu lamanzere. Pa Android pali Lazarillo, imene imatchula misewu ndi malo apafupi, ngakhale kuti pophunzitsa mbali siifika pa inzakeyo.

Yambani ndi njira imene akuidziwa kale, ya mamita 100 kapena 200, yokhota kawiri. Foni aigwire mogoneka, kumutu kwake kutaloza kutsogolo. Akakhota aime, aloze ndi dzanja kumene akuganiza kuti kuli geti asanamvetsere, ndiye foni imuuze ngati walondola. Apa musafulumire, chifukwa kulozako ndiye phunziro lenileni. Akayamba kulondola, zimitsani mawu abwerere yekha, inu muli pambuyo. Mwana amene foni imangomutsogolera tsiku lililonse amafika ndithu, koma njira saisunga.

Zovuta zake nazi. GPS, imene foni imadziwira pamene ili, imaphonya ndi mamita pafupifupi 5 pabwalo, ndipo pakati pa nyumba zazitali imaphonya kwambiri poti mafunde ake amawomba makoma. M'nyumba musaidalire. Imamufikitsa pafupi ndi khomo, khomolo alipeze ndi ndodo. GPS siiona dzenje kapena masitepe, choncho ndodo asaisiye. Kulira kukamachokera mbali yolakwika, kawirikawiri ndi kampasi ya m'foni (kachipangizo kodziwira mbali kumene foni yaloza) imene yasokonezedwa ndi zitsulo kapena maginito a pachikwama cha foni. Chotsani chikwamacho, muzungulitse foniyo m'mwamba ngati mukulemba 8.

Mahedifoni akhale a makutu onse awiri, ndipo "mono audio" ya pa foni, imene imatulutsa mawu ofanana kumakutu onse, ikhale yozimitsa, apo ayi mbali siimveka. Koma asakhale otseka makutu, mwana ayenera kumva galimoto. Abwino ndi aja okhala pafupa la kutsogolo kwa khutu, osiya khutu lili lotsegula.