Jasper anali sajeni, ndipo boma silitchedwa "pambuyo pa" munthu

Funso: Ndine mphunzitsi ku Kasungu. Mchemwali wanga amakhala ku Ridgeland ku America, ndiye ndimafuna kuwafotokozera ana mbiri ya kumeneko. Pabolodi ndinalemba kuti: "Chigawo cha Jasper chinatchedwa pambuyo pa mkulu wa asilikali William Jasper." Mnzanga wina ataona anaseka, akuti si Chichewa. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo sanaseke pachabe. Mawu onse ndi athu, koma kamangidwe kake n'kobwereka.

Pachimake pa vutoli ndi "pambuyo pa". Mwangonyamula "named after" ya Chingerezi n'kuiveka Chichewa. Kwathu kuno "pambuyo pa" amanena za nthawi kapena malo: pambuyo pa maliro, pambuyo pa galimoto. Mwana wa Sitandade 5 akawerenga chiganizo chanucho amva kuti anayamba kutchula dzina William Jasper, kenako n'kudzatchula deralo, ngati anthu awiri ali pamzere kuchigayo. Taganizani mmene timalankhulira kuchikuta. Palibe amene amati khanda latchedwa pambuyo pa agogo. Timati "amutcha dzina la agogo ake", kapena "amupatsa dzina la malume ake". Malo nawonso ndi chimodzimodzi. Mchinji kale inkatchedwa Fort Manning, dzina la msilikali wa ku Britain William Manning, amene anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Munthu wa ku Mchinji akamakufotokozerani amangoti "azungu anaitcha dzina la Manning". Ngati munthuyo anamwalira ndipo cholinga n'kumulemekeza, onjezerani "pomukumbukira".

Ena amalemba kuti malowo "analowa dzina la" uje. Ayi. Kulowa dzina ndi za ufumu, mphwa akatenga mpando wa malume ake. Dera silingalowe dzina.

Tsopano "mkulu wa asilikali". Apa simunalakwitse galamala, mwamukweza munthu udindo umene iye mwini akuti anaukana. William Jasper anali sajeni, ndipo mawuwo tili nawo kale, apolisi ndi asilikali athu amawatchula tsiku ndi tsiku. Pa 28 Juni 1776, pa nkhondo imene America inkamenyera ufulu wake, zombo za Britain zinawomba mizinga pa linga la pa chilumba cha Sullivan's, pakhomo pa doko la Charleston. Lingalo linali la mchenga ndi mitengo yofanana ndi migwalangwa, ndipo amene ankalamulira asilikali anali William Moultrie. Chipolopolo china chinathyola mtengo wa mbendera, mbenderayo n'kugwera kunja kwa linga. Jasper anadumphira komweko mizinga ikulirabe, anaitola, anaimangirira ku ndodo yotsukira mzinga n'kuidzutsanso. John Rutledge, amene ankatsogolera South Carolina, anamupatsa lupanga lake. Nkhani imanenedwa kuti atafuna kumukweza kuti akhale ofesala, Jasper anakana poti sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Anafa pa 9 Okutobala 1779 pa nkhondo ya ku Savannah, nkhani yakenso ili ya mbendera.

Ndiye mukamutcha mkulu wa asilikali mwapha nkhani yonse. Chokoma chake n'chakuti munthu wa udindo waung'ono ndiye anasiya dzina. Olemba athu ambiri ali ndi chizolowezi chimenechi: akangoona yunifomu mu nkhani yakunja, basi "mkulu wa asilikali". Mawuwo tiwasungire ajenerale.

Za "chigawo" ndisachulutse. Ife tikati chigawo timaganiza za Chigawo cha Pakati, chimene m'kati mwake muli maboma monga Kasungu, Dowa ndi Ntchisi. Ku America chimene chikufanana ndi chigawo ndi South Carolina, ndipo m'kati mwake muli ma "county" 46. Jasper ndi limodzi mwa amenewo, choncho mawu oyandikira ndi "boma". Silifanana ndendende ndi boma la kwathu, poti kumeneko mkulu wa apolisi wa m'deralo amachita kumuvotera, koma ana amva msanga. Boma limeneli linakhazikitsidwa mu 1912 podula mbali za maboma a Beaufort ndi Hampton. Likulu lake ndi Ridgeland komwe kuli achemwali anuko, ndipo kutsidya kwa mtsinje wa Savannah ndi ku Georgia.

Poti tatchula boma, wina asakunamizeni kuti mawuwa ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za ulamuliro wa asilikali a Britain. Mphekesera imeneyo ndi yofala m'masukulu, koma "boma" ndi mawu a Chiswahili otanthauza mpanda kapena linga. Anafika kuno ndi atsamunda chifukwa maofesi awo oyamba ankakhala m'malinga.

Mawa pabolodi lembani motere: "Boma la Jasper, m'chigawo cha South Carolina, analitcha dzina la Sajeni William Jasper pomukumbukira." Musasiye South Carolina, chifukwa ku Georgia, Texas, Mississippi ndi zigawo zina kulinso maboma a Jasper, onse a sajeni yemweyo.