Magetsi akathima, rauta isazime nawo

Bambo wina wa ku Zomba watilembera imelo. Amagwirira ntchito kunyumba, laputopu yawo imasunga moto, koma magetsi akangothima rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba) imazima ndipo intaneti imathera pomwepo. Akufunsa ngati agule inveta ndi batire la galimoto.

Bambo, musathamangire inveta. Rauta siidya magetsi a 230V apakhoma. Kachaja kake kamawatsitsa kukhala DC (moto wa mtundu womwe umachokera m'batire), nthawi zambiri 12V, pena 9V. Inveta imakweza moto wa batire kufika 230V kuti chaja iwutsitsenso, ndipo moto wina umatayika panjira. Rauta ipatseni DC mwachindunji.

Yambani ndi kutembenuza chaja muwerenge pamene palembedwa Output. Mukapeza 12V 1A, ndiye kuti rauta yanu siipitirira mawati 12 (12V kuchulukitsa ndi 1A). Ngati muli ndi faiba, kabokosi kolandirira chingwe cha faiba (ONT) nako kamafuna moto, choncho phatikizani mawati a zonse ziwiri.

Chomwe ife timakonda ndi mini UPS ya DC, kabokosi kokhala ndi batire m'kati. Imakhala pakati pa khoma ndi rauta, imadzitchaja yokha, ndipo magetsi akathima rauta siidziwa n'komwe. Pogula musakopeke ndi mAh zolembedwa zazikulu pabokosi, funsani ma Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola), omwe amasonyeza moto weniweni wosungidwa. Mwachitsanzo, powabanki ya 20,000mAh imasunga pafupifupi 74Wh, chifukwa mabatire a m'kati mwake ndi a 3.7V. Mukachotsa moto wotayika posintha mphamvu, rauta ya mawati 10 ingayende maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Koma powabanki imafuna chingwe chokweza 5V kukhala 12V, ndipo zina zimadula moto kwa kamphindi magetsi akathima kapena akabwera, rauta n'kuyambiranso.

Njira ina ndi batire wamba: la 12V 7Ah lili ndi 84Wh, koma la mtovu (lead-acid) musalimalize kupitirira theka, apo ayi lifa msanga. Mumatsala ndi 42Wh, maola anayi okha. La galimoto analipangira kulizira injini, silipirira kuthetsedwa moto tsiku ndi tsiku. Komanso batire likamatchajidwa limafika 14.4V, ndiye ikani kachipangizo koletsa moto kupitirira 12V pakati pa batire ndi rauta, ndi fyuzi ya 3A pawaya wofiira pafupi ndi batire. Popanda fyuzi, mawaya akakhudzana amayaka.

Ambiri amaonongera rauta pa kapulagi. Kukula kofala ndi 5.5mm kunja, koma m'kati muli a 2.1mm ndi a 2.5mm. Ka 2.5mm kamalowa pa rauta ya 2.1mm koma n'kumagwedera, rauta n'kumazimazima. Onaninso kachizindikiro ka + ndi − pa chaja: ma rauta ambiri ali ndi + pakati. Mukasemphanitsa, kapena mukapatsa 12V rauta ya 9V, ikhoza kupsa nthawi yomweyo.

Rauta ikayaka koma intaneti osabwera, mwina nsanja ya netiweki m'dera lanu nayo yatha moto. Apo batire lanu silingathandize, yesani simu ya kampani ina.