Disco yomwe makolo angavinenso: musaiwale Disco Lucy

Achemwali, mwati mukusankha nyimbo za phwando lokumbukira ukwati wa makolo anu. Bambo amakonda big band (bandi yaikulu ya malipenga) ya Glenn Miller, mayi ankakonda kuonera sewero la pa TV la I Love Lucy, pomwe ana akufuna disco, ndiye mukuopa kuti ena azivina ena atakhala pansi. Mtima m'malo, big band ndi disco ndi pachibale.

Yoyamba kuisankha ikhale Disco Lucy ya Wilton Place Street Band, ya mu 1977. Ndi nyimbo yomwe ija yotsegulira I Love Lucy, kungoti anaiikira ng'oma ya disco yogunda kanayi mosalekeza. Mayi aizindikira isanapite patali. Imakoma chonchi chifukwa sewero lenilenilo, lomwe linkaonetsedwa pa kanema wa CBS ku America kuyambira 1951 mpaka 1957, linali kale la oimba. Desi Arnaz, mwamuna wa Lucille Ball (Lucy wa m'seweroli), anali wa ku Cuba, anaimbapo m'bandi ya Xavier Cugat asanayambitse yake, ndipo m'seweromo anali Ricky Ricardo, mtsogoleri wa bandi ya ku kalabu ya Tropicana. Malipenga ndi ng'oma za conga zinalimo kuyambira pachiyambi, a disco anangowonjezera moto.

Bambo apatseni Chattanooga Choo Choo. Glenn Miller anaijambula mu 1941, ndipo gulu la Tuxedo Junction linaibwereza mwa disco mu 1978. Ikatha, ikani Tangerine ya Salsoul Orchestra ya mu 1975, yomwe inatchuka koyamba ndi bandi ya Jimmy Dorsey mu 1942. Imeneyi muimvetsere bwino, chifukwa ndi imene imaonetsa chibale chomwe ndikunenachi. Disco ya nthawi imeneyo sinkapangidwa ndi munthu mmodzi pa kompyuta ayi. Vincent Montana Jr., mtsogoleri wa Salsoul Orchestra, ankalembera aliyense gawo lake, a malipenga, a vayolini, a ng'oma, kenako chigulu cha oimba, ambiri a iwo ochokera m'bandi ya MFSB ya ku Philadelphia, n'kudzaza situdiyo. Ndi mmenenso big band inkagwirira ntchito, ndipo cholinga chinali chomwecho, kuti anthu adzuke avine.

Koma yapamtima panga ndi Cherchez La Femme ya Dr. Buzzard's Original Savannah Band, ya mu 1976. Anyamata a ku Bronx ku New York omwe anayambitsa gululi, August Darnell ndi m'bale wake Stony Browder Jr., sanabwereke nyimbo yakale n'kuiveka ng'oma chabe. Anatenga mzimu wonse wa zaka za m'ma 1940, mpaka mavalidwe, ndipo mawu a Cory Daye amauluka pamwamba pa malipenga ngati woimba wa nthawi ya big band. Ine ndikaiika sinditha kukhala pansi. Mukapeza chimbale chonse chotchedwa dzina la gululo, tengani, simudzanong'oneza bondo.

Pa tsikulo, muuzeni DJ ayambe ndi ya Glenn Miller yeniyeniyo kuti bambo ndi mayi atsegule bwalo awiriwiri, kenako alowetse ya Tuxedo Junction osadukiza kuti ana alowemo makolo asanakhale pansi. Asankhe zazifupi zomwe zinkaulutsidwa pa wailesi, chifukwa za m'makalabu zimatalika kwambiri ndipo akuluakulu angatope msanga. Disco Lucy muisungire nthawi yodula keke.