Kapinga wa pabwalo mvula ikagwa yambiri

Achimwene, mwati mvula yagwa masiku angapo mosalekeza ku Ulongue, pabwalo la mpira limene mumasamalira madzi adikha, kapinga wayamba chikasu, ndipo akuluakulu a timu akuti mutchetche mawa. Ine ndinagwirapo ntchito yosamalira udzu pabwalo la gofu, kumene kapinga amamulera ngati khanda, ndiye ndikuuzeni mmene timachitira.

Makina otchetchera asalowe kaye. Pondani ndi nsapato: madzi akatuluka m'mbali mwa phazi, dikirani. Dothi lonyowa likapondedwa ndi matayala limagwirana, mpweya sulowanso, mizu imabanika. Chikasu mukuchionacho nthawi zambiri si njala ya feteleza ayi, ndi kubanikako. Kumbani pang'ono pamalo oipitsitsa mununkhize. Mukamva fungo la dzira lowola, dothi lili lakuda bii, dziwani kuti pansipo mpweya unatha kale.

Yambani ndi ngalande. Chotsani zinyalala zimene zatseka, madzi apeze njira. Kenako yang'anani matope amene madzi asiya pamwamba pa udzu. Amenewa ndiye mdani weniweni. Kapinga amapirira kumizidwa masiku angapo, koma matope akauma pamwamba pake amapanga chikhokho, dzuwa silifika pamasamba. Amene munaona m'mbali mwa mtsinje wa Revubue chimphepo cha Ana chitadutsa mu Januwale 2022, chija chinagwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, mukukumbukira mmene matope anakwiririra minda. Palani ndi fosholo akadali ofewa, otsalawo musese ndi tsache lolimba.

Pansi pakayamba kuuma, tengani foloko ya m'dimba, bayani mabowo akuya masentimita 10 mpaka 15, motalikirana ngati chikhatho, makamaka pagolo ndi pakati pabwalo pamene amapondaponda. M'mabowomo seserani mchenga wa kumtsinje, wokhakhala uja. Dothi la pachulu musathire, ngakhale wina akuuzeni kuti lili ndi chonde, limangomata mabowo aja. Ku gofu timachita zomwezi pamalo ozungulira kadzenje ka mpira, pamene udzu umadulidwa mpaka mamilimita 3 kapena 4. M'maenje amchenga a pabwalo la gofu timayamba tapala matope apamwamba tisanasalaze, apo ayi mchenga wonse umaipa.

Tsiku lotchetcha likafika, kwezani mpeni wa makina. Musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu, muzitsitsa pang'onopang'ono. Ureya dikirani mpaka madzi atatsika ndipo udzu wayamba kuphukira, muthire pang'ono. Kuthira lero n'kungopereka ndalama kumtsinje.

M'masabata akubwerawa muzizungulira bwalo m'mamawa. Mukaona mbalame zambiri zikutolatola pamalo amodzi, yang'anani ntchemberezandonda, zimamaliza udzu m'masiku ochepa. Dawe nayenso amakonda pamene madzi amakhalitsa, ndiye pamene wachuluka ikanipo chizindikiro. Kuno ku Angónia mvula ndi yambiri kuposa kumzinda wa Tete, imatifikitsa mu Marichi kapena Epulo, choncho malo amenewo mudzakumbe ngalande zapansi chilimwe chikafika, muikemo miyala ndi mchenga, mubwezere kapinga pamwamba.

Akuluakulu a timuwo atengeni mupite nawo pagolo, aponde okha aone madzi akutuluka. Masewero a Lamlungu angathe kukachitikira kwina.